Mlandu wa Kameta

Pa nkhuku zonse zimene zimayenda m'mabwalo a midzi ya kum'mawa kwa Zambia, palibe ina imene imanyozedwa koposa kameta, nkhuku ija ya khosi lopanda nthenga. Ana akaiona amaseka, ogula pamsika amaipitirira nagwira inzake, ndipo mnyamata amene wangotsiriza sukulu, pofuna kuyamba kuweta, amacita manyazi kuti anzake amupeze nayo pakhomo. Ena amati iri ndi nthenda ya pakhungu, ena amati inathothoka nthenga cifukwa ca utitiri, enanso amanong'ona kuti ndi nkhuku ya zamatsenga. Pakafika mlendo, mwini nyumba pouza ana kuti agwire nkhuku ya ndiwo, cala cake cimaloza kameta, pakuti mumtima amati alikucotsa conyansa pabwalo. Ndi mpeni wotere nkhuku imeneyi yacepa, kotero kuti munthu akhoza kupyola midzi ingapo osaona ngakhale imodzi. Mlandu umene inapatsidwa ndi wabodza, ndipo oyenera kuyamba kuukana ndiwo anthu ophunzira, amenenso ali oyamba kuiseka.

Mwanapiye wa kameta amatuluka m'dzira khosi liri lometeka kale. Sanakumane ndi utitiri, sanadye kanthu, sanagone m'khola lonyansa; nanga nthendayo waitenga kuti? Ndiponso nkhuku za nthenga zonse zimene zimagona naye pamodzi zaka ndi zaka sizimeteka. Nthenda yopatsirana sicita tero. Kumeteka kwa kameta ndi cibadwa, monga linunda pa ng'ombe za Angoni. M'caka ca 2011 akatswiri a pa Roslin Institute, pafupi ndi mzinda wa Edinburgh ku Scotland, motsogozedwa ndi Denis Headon, anafotokoza gwero lake. Anapeza kuti m'thupi la nkhuku iyi muli kusintha kumodzi kumene kumacurukitsa kanthu kochedwa BMP12, kamene kamaletsa nthenga kumera, ndi kuti khungu la pakhosi ndilo limamva msanga ciletso cimeneci kuposa khungu la pamsana kapena la pamapiko. Zonsezi zimacitika mwanapiye akali m'dzira. Kufiira kwa khosi la tambala wa kameta, kumene kumaopsa ogula, kumadza ndi dzuwa ndi magazi oyenda pafupi ndi khungu, monga momwe lipombo limafiirira. Ndipo palibe munthu anakanapo tambala cifukwa ca lipombo lofiira.

Tsono cibadwa cimeneci ciri ndi phindu, ndipo phindulo limaoneka bwino m'dziko lotentha. Nkhuku situluka thukuta. Thupi lake limatentha madigiri 41, kuposa la munthu, pamenepo yavala nthenga usana ndi usiku. M'mwezi wa October, pamene ku cigwa ca Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, nkhuku ya nthenga zambiri imabisala pamthunzi, mapiko ali lende, kukamwa kuli yasa, irikupuma wefuwefu. Ikatero imacepetsa kudya, ndipo thadzi losadya siliikira. Ngakhale mazira amene lingaikire amakhala a cigoba copyapyala, cifukwa kupuma kofulumira kuja kumacotsa m'magazi mpweya umene thupi limaufuna pomanga cigoba. Kameta ali ndi pothawira. Amene anatenga cibadwaci kwa kholo limodzi, nthenga zake zimacepa ndi gawo limodzi mwa magawo 5. Amene anacitenga kwa makolo onse awiri, zimacepa ndi magawo 2 mwa magawo 5. Pakhosi ndi pambali pa cifuwa pamapita mphepo, kutentha kumacoka m'thupi, ndipo iye amapirira nyengo imene anzake amafooka. Palinso ici, cakuti nthenga zimamangidwa ndi cakudya comweco cimene cimamanga mnofu ndi dzira, cotero nkhuku ya nthenga zocepa imasiya cambiri ca cimene yadya kuti cipite kwina. Za kufulumira kwa nchito yosasola, amai amene amaigwira akudziwa okha.

Wina angafunse kuti, ngati nkhukuyi iri yolimba cotere, ingathe bwanji m'dziko? Yankho lake ndilo fundo yaikulu ya nkhani yonseyi. Pali zibadwa zina zimene zimabisala m'magazi: nkhuku ziwiri zamawanga zikhoza kuswa mwanapiye woyera wofanana ndi kholo lakale limene linadyedwa kalekale. Cibadwa cotere sicitha msanga, pakuti mpeni suciona. Ca kameta sicitero. Nkhuku iriyonse imene iri naco imacionetsa pakhosi, ndipo imene khosi lake liri ndi nthenga zonse iribe konse, ngakhale make anali kameta. Cifukwa cake tsiku limene kameta wotsiriza wa pamudzi alowa mumphika, mtunduwo watha pamudzipo, ndipo sudzaonekanso kufikira munthu atapita kukafuna mbeu kwina. Palibe nthenda imene imasankha akameta okha. Amawasankha ndi anthu. Banja liri lonse limapha mmodzi poganiza kuti kwa anansi alipo ena, anansi nawo amaganiza cimodzimodzi, ndipo pakutha pa zaka zowerengeka ana a pamudzipo amamva dzina lokha.

Koma mphamvu yomweyo imene imaonetsa kameta ku mpeni ndiyo imene ingambwezere msanga. Tambala amene khosi lake liri lometeka lonse, kapena lotsala ndi tinthenga towerengeka, kawirikawiri ndiye wotenga mbali zonse ziwiri, ndipo anapiye ake onse amabadwa akameta ngakhale amao ali a nthenga zonse. Amene ali ndi cithungwa ca nthenga kutsogolo kwa khosi, pamwamba pa cithokomiro, ndiye wa mbali imodzi: akakwera thadzi wamba, theka la anapiye limameteka, akakwera thadzi lofanana naye, amameteka 3 mwa 4. Awa ndi masamu a m'kalasi la zasayansi, amene wotsiriza sukulu anawaloweza ndi nsawawa za Gregor Mendel, nawaiwala pa tsiku la mayeso. Pabwalo la amake akhoza kuwaona ndi maso m'masiku 21.

Codabwitsa ndi cakuti cimene cimasekedwa ku Katete ndi ku Petauke cimalemekezedwa kutsidya kwa nyanja. Ku Ulaya nkhuku ya khosi lometeka imadziwika ndi dzina la dziko la Transylvania, m'Romania, ndipo imaonetsedwa pa zionetsero za ziweto. Ku America ena amaicha Turken, cifukwa kale anthu anaganiza molakwa kuti ndi mwana wa nkhuku ndi nkhukundembo. Umbuli pa nkhuku iyi suli wa dziko limodzi. Ku France alimi ambiri amene amagulitsa nkhuku za cizindikiro ca Label Rouge, zimene siziphedwa zisanakwane masiku 81 ndipo mtengo wake ndi wokwera, amaweta za khosi lometeka. Mnyamata amene sakhulupirira kanthu kufikira atamva kuti Azungu amakakonda, amve tsono.

Otsutsa ali ndi mau amphamvu, ndipo sayenera kuwabisa. Iwo amati nkhuku za mazira zogula kwa oswetsa anapiye zimaikira mazira pafupi 300 pa caka, pamene thadzi la pamudzi, kameta kapena lina liri lonse, limaikira 40 kapena 60. Zimenezi ndi zoona, ndipo munthu amene afuna kutumiza mathireyi a mazira ku masitolo a mu Lusaka sabata ndi sabata agule zomwezo. Kameta si nkhuku ya nchito yotere. Koma ambiri otsiriza sukulu alibe khola la nkhuku 500. Ali ndi kabwalo kuseri kwa nyumba ku Kapata kapena ku Matero, ndi gaga wotsala pacigayo. Kwa munthu wotere mazira 300 aja ali ngati cikomekome ca nkhuyu. Nkhuku yogula imafuna cakudya ca m'thumba magalamu 110 kapena 120 tsiku liri lonse, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 limatha pa masabata 6 ngati nkhuku ziri 10. Ndalama ikasowa sabata imodzi, kuikira kumatsika, ndipo sikubwerera msanga. Coposa apo, nkhuku zimenezi zinacotsedwa dala mtima wofungatira, pakuti thadzi lofungatira limaleka kuikira. Ngakhale munthu ataika mazira ao pansi pa thadzi lina, ana ake salingana ndi amao, cifukwa izo ndi zosakaniza za mizere ya makolo imene imasungidwa ndi makampani owerengeka a ku Ulaya ndi ku America. Zikakalamba mwini amabwerera kukagula anapiye ena, ndipo adzabwerera moyo wake wonse. Iye sali mwini mtundu, ali wobwereka. Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, ndipo thadzi limene limaswa ana ake lokha ndilo fodya wa pamphuno.

Ndiponso mazira 40 aja si malire a thupi la thadzi, koma a nthawi yake. Limaikira mazira 12 kapena 15, limafungatira masiku 21, kenaka limayenda ndi anapiye miyezi iwiri kapena kupitirira, ndipo nthawi yonseyo siliikira. Caka cimatha litacita tero katatu kapena kanai. Woweta wanzeru amasankha thadzi limodzi lodziwa kulera kuti ndilo lidzifungatira, ndipo kwa enawo amatola mazira tsiku ndi tsiku, kusiya limodzi lolembedwa ndi khala kuti cisa cisaiwalike. Akawonjeza pa gaga ciswe, fumbi la kapenta, masamba aawisi, ndi zigoba za mazira zokazinga ndi kusinja, pamodzi ndi madzi oyera osaphwa, ciwerengero cimakwera. Matadzi 4 kapena 5 osamalidwa cotere amapatsa ana a m'nyumba dzira kawirikawiri popanda kugula thumba. Ambiri sadziwanso kuti thadzi limaikira ngakhale palibe tambala; tambala amafunika pofuna anapiye pokha. Cotero wa m'tauni amene aopa kukangana ndi anansi cifukwa ca kulira kwa m'bandakuca akhoza kukhala ndi matadzi okha, nabwereka tambala kwa sabata ziwiri pamene afuna kuswetsa.

Kwatsala nkhani imene imaseketsa anthu koposa zonse, ndiyo yakuti munthu angakonde nkhuku, kuipatsa dzina, ndi kuinyamula m'manja. Amati zimenezo ndi za Azungu osowa cocita. Nkhuku ndi ndiwo basi. Komatu anthu omwewo galu wao ali ndi dzina, ng'ombe za pagoli ziri ndi maina, ndipo mlimi amalankhula nazo polima. Nkhuku yalakwanji? Kapena amayesa kuti iribe nzeru zozindikira munthu. Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway, amene anayang'anira nkhuku kuyambira ubwana wake, anaonetsa m'caka ca 1922 kuti m'gulu la nkhuku iriyonse imadziwa inzake payokha, imadziwa imene ingaijomphe ndi imene iyenera kuipatsa njira. Colengedwa cimene cimasunga m'mutu maudindo a gulu lonse sicingalephere kudziwa dzanja limene limacipatsa cakudya.

Oweta a ku Ulaya amachula nkhuku ya khosi lometeka pakati pa mitundu yofatsa. Akameta a m'midzi sali onse cimodzimodzi, pakuti palibe anawasankhapo. Ena ndi ofatsa, ena ndi olusa monga nkhuku zina. Kufatsa kumabadwa, ndiponso kumaphunzitsidwa. Mwanapiye amene amadyera m'dzanja kuyambira sabata yake yoyamba, amene amaitanidwa ndi liu limodzi pa nthawi imodzi tsiku liri lonse, amene sanathamangitsidwepo ndi miyala kapena agalu, amakula wosaopa munthu. Tambala wojompha ana ndiye woyenera mphika, ngakhale akongole bwanji, kuti ukali wake usapite kwa ana ake. Pakapita mibadwo itatu kapena inai ya kusankha kotere, khola lonse limakhala la nkhuku zobwera zokha pamapazi.

Kufatsa kumeneku si kwa masewera. Nkhuku yolusa imadziwika kuti yadwala tsiku limene yagwa. Yofatsa mwini wake amainyamula madzulo, namva m'manja kuti yapepuka, naona utitiri wokakamira m'mbali mwa maso, kapena mamba otupa m'miyendo, nthawi ikalipo. Thadzi lofatsa limalola kuti munthu apise dzanja pansi pake kutenga dzira kapena kucotsa losukusa. Siliuluka mpanda kukafukula mbeu m'dimba la mnansi, ndipo amene anakhalapo m'komboni adziwa kuti milandu yambiri ya pakati pa anansi imayamba ndi nkhuku ndi ana. Mwana amene ali ndi thadzi lakelake, lodziwika ndi dzina, amaphunzira kudzuka m'mawa kukatsegula khola, kuwerenga masiku, ndi kusunga camoyo. Komabe kukonda nkhuku si kugona nayo m'nyumba. Malo ake ndi m'khola louma, lokwezeka, losesedwa, ndipo mwana akaigwira asambe m'manja asanadye, pakuti zitosi za nkhuku zimanyamula matenda a m'mimba.

Munthu asanamizidwe kuti kameta safa. Citopa, cimene ena amacha cideru, cimamupha monga cimaphera nkhuku zina, ndipo cikalowa m'mudzi wopanda katemera cikhoza kusesa pafupifupi khola lonse. Nthendayi inazindikirika m'caka ca 1926 pa cisumbu ca Java ndi ku Newcastle m'England, ndipo kufikira lero iribe mankhwala ocizira; mitsitsi ndi tsabola za m'madzi akumwa siziletsa. Cimene cimachinjiriza ndi katemera. Wina wochedwa I-2, amene anakonzedwa pa University of Queensland ku Australia kuti apirire kutentha kwa m'midzi, amaperekedwa dontho limodzi m'diso miyezi 4 iriyonse. Mlangizi wa ziweto ndiye wodziwa mtundu umene ukupezeka m'dera lake. Apanso kufatsa kumalipira, cifukwa nkhuku zogona m'mitengo ndi zothawa munthu ndizo zimatsala osalandira, ndipo ndizo zimabweretsa maliro m'khola. Nkhuku yacilendo, yogula kapena yamphatso, ikhale payokha sabata ziwiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Cofooka ca kameta yekha ndi cisanu: anapiye ake amazizidwa msanga m'miyezi ya June ndi July, cotero usiku afunika khola lochingidwa ku mphepo ndi udzu wouma pansi.

Kutha kwa mitundu ya ziweto si nthano. M'caka ca 2007, pamene maiko anasonkhana ku Interlaken m'Switzerland kukambirana za nkhaniyi, bungwe la FAO linanena kuti mitundu 62 inatha pa zaka 6 zokha, ndiko kuti pafupi mtundu umodzi mwezi uliwonse. Ku Britain mitundu 26 ya ziweto za komweko inatha pakati pa 1900 ndi 1973, kufikira alimi ena, pakati pao Joe Henson, anayambitsa Rare Breeds Survival Trust m'caka ca 1973 kuti asunge yotsala. Nkhuku zosowa za kumeneko zambiri sizisungidwa ndi Boma kapena makampani. Ziri m'mabwalo a anthu wamba amene amaweta zisanu kapena khumi cifukwa cozikonda. Kuno palibe wina adzacita nchito imeneyi m'malo mwa eni ake, ndipo kameta sali yekha pangozi: kansilanga wa nthenga zopindikira kumwamba ndi simboti wa miyendo yaifupi ali pa njira yomweyo.

Ngakhale mitundu yochuka inayamba m'manja mwa anthu otere. William Cook wa ku England anaonetsa nkhuku yakuda ya Orpington m'caka ca 1886. Alimi a ku Australia anaitenga, nasankha matadzi oikira kwambiri mbadwo ndi mbadwo, kufikira anaturutsa Black Australorp, imene matadzi ake 6 anaikira mazira 1,857 pa caka cimodzi ca mpikisano wa 1922 ndi 1923. Ndiyo nkhuku yakuda ija imene ku Malawi imachedwa ya Mikolongwe, potsata dzina la malo amene Boma limaiswetsera. Alimi a ku Australia aja analibe matsenga; anali ndi maso, kabuku ndi pensulo. Zitatu zimenezi wotsiriza sukulu ali nazo, ndipo m'mudzi ndiye munthu wokhoza kulemba kuti thadzi lakuti linayamba kuikira tsiku lakuti, linaikira angati, linaswa angati, ndipo anakula angati. Kabuku kotere ndiko kamene kamasandutsa gulu la nkhuku kukhala mtundu, pakuti kamauza mwini thadzi limene ana ake ayenera kusungidwa ndi limene liyenera kugulitsidwa.

Poyamba safunika zambiri. Afune tambala mmodzi wa khosi lometeka lonse, wa maso owala ndi cifuwa codzaza, wocokera ku mudzi umene sunagwe citopa posacedwa, ndi misoti itatu kapena inai ya kwa anthu osiyana kuti isakhale ya mimba imodzi. Ogulitsa ambiri amapereka kameta pa mtengo wotsika, ndipo pa nthawi ino kunyoza kwao kuli phindu la wogula. Ayambe kuswetsa cisanu citatha, m'mwezi wa August kapena September, kuti anapiye adzakhale atakhwima mvula ikamagwa ndi ciswe cikamacuruka. Masabata oyamba akhale m'citete covundikira kapena m'kampanda kofolera, kuopa kabawi ndi khwangwala. Tambala asakhale pa khola limodzi kupyola caka cimodzi kapena ziwiri, kuti angakwere ana ake omwe, pakuti cibale cikayandikana mazira ambiri amasukusa ndipo anapiye amabadwa ofooka. Cifukwa cake woweta kameta afunika mnzake wa mudzi wina kapena komboni ina wosinthana naye atambala, ndipo njira yacidule yopezera mnzakeyo ndiyo kumpatsa msoti ndi katambala pa kuswa koyamba.